Nkhokwe kapena mjigo: ndalama za chaka chino tiyambe nazo pati?

Wapampando (Lusaka):
Ambuye, amalume, amai ndi abale nonse, moni. Ndalama zomwe tasonkha chiyambire Januwale zingakwane ntchito imodzi yokha. Ena akuti tikumbe mjigo wina pafupi ndi sukulu, ena akuti timange nkhokwe ya mudzi wonse. Tonse tikukumbuka ng'amba ya 2024, mvula itadula chimanga chili pafupi kumasula, mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pangozi. Thandizo la boma kudzera ku DMMU, ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lilipo, koma silingafike pakhomo lililonse tsiku limodzi. Aliyense anene zomwe akudziwa, ndipo anene ndi manambala.

Mlembi (Chipata):
Mabanja m'buku la amfumu alipo 120. Ambiri ndi a anthu 6.

Mlangizi wopuma (kumudzi):
Zikomo a Wapampando. Tiyambe ndi masamu tisanakangane. Munthu mmodzi amafuna ufa wokwana magalamu 400 patsiku. Banja la anthu 6 ndiye makilogalamu 72 pamwezi, pafupifupi thumba limodzi ndi theka la 50 kg. Miyezi yowawa ndi itatu, Januwale, Febuluwale ndi Malichi, mondokwa usanache. Kudyetsa mabanja onse 120 miyezi imeneyi kukufuna matumba oposa 500. Amenewo sitingawapeze, tisanamizane. Koma tikasankha mabanja 40 omwe chimanga chimawathera msanga, n'kuwapatsa theka la chakudya chawo, tikufuna matumba 87. Tinene 100 kuti pakhale otsala. Matumba 100 ndi matani 5, ndipo amakwana bwino m'chipinda cha mamita 4 kwa 5. Ine ndili kumbali ya nkhokwe.

Amalume a ku Kitwe:
Achimwene, masamu anu ndawamva, koma chimanga chimaphikidwa ndi madzi. Munthu amafuna malita 20 patsiku kuti amwe, aphike ndi kusamba. Anthu 720 ndiye malita 14,400. Mjigo umodzi woyenda bwino umayenera kutumikira anthu 250. Ife tili ndi iwiri, wina ukudwala. Ikafika Okutobala zitsime za kudambo zikauma, amai amadzuka 4 koloko kukaima pamzere, ana aakazi n'kumachedwa kusukulu. Njala imabwera zaka zina, vuto la madzi ndi la chaka chilichonse.

Wokonza mijigo (Katete):
Amalume, musanalankhule za kukumba watsopano, tiuzeni: wodwalawo ukudwala bwanji?

Amai a komiti ya madzi (kumudzi):
M'mawa timapopa kambirimbiri madzi asanatuluke. Akatuluka amayamba ofiira ngati tiyi, ndipo amadetsa zovala. Ndi uja wa pampu ya mtundu wa India Mark II.

Wokonza mijigo (Katete):
Ndiye chitsimecho sichinafe ayi, amai. Zizindikiro ziwirizo zikunena chinthu chimodzi: mapaipi achitsulo achita dzimbiri. Madzi a m'malo ambiri amadya chitsulo, paipi imabooka kapena mazinga a polumikiza amatha, ndiye usiku madzi onse a m'paipi amabwerera pansi. Mwinanso vavu ya pansi pa silinda yasiya kutseka. Yesani chonchi mawa: popani mpaka madzi atuluke, lekani kwa mphindi 30, kenaka popaninso mukuwerenga. Madzi akapanda kutuluka pofika kachisanu, pali podontha.

Kukonza kwake: kuzula mapaipi onse, iliyonse ndi ya mamita 3, kuyang'ana imodziimodzi, kusintha malabala a m'silinda, tcheni ndi mabeyaring'i a chogwirira. Koma mukabwezeramo mapaipi achitsulo omwewo, pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri madzi adzafiiranso. Ikani mapaipi apulasitiki olimba ndi ndodo za stainless steel, chitsulo chosachita dzimbiri. Ngati madzi sali pansi kupitirira mamita 45, n'kwabwino kusinthiratu n'kuika pampu ya Afridev. Imeneyo ndodo zake zimakolana ndi ngowe, komiti yokha imatha kuzizula ndi sipanala imodzi n'kusintha labala osaitana munthu wakutali. Afridev yabwino ukapopa ka 40 pamphindi imodzi imatulutsa malita pafupifupi 16. Zonsezi n'zotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuitana galimoto yokumba.

Amalume a ku Kitwe:
Ngakhale ukonzedwe, iwiri ndi ya anthu 500. Tikutsalabe ndi 220. Ine ndimaganiza za pampu ya sola ndi thanki pamwamba, madzi afike ndi kumadimba.

Wokonza mijigo (Katete):
Sola ndi yabwino pokhapokha chitsime chili ndi madzi okwanira. Kwathu kuno pansi ndi thanthwe, madzi amakhala m'ming'alu, ndiye mabowo awiri oyandikana lina limapatsa lina louma. Pakufunika wopima malo ndi makina galimoto isanabwere. Pa pangano ndi okumba palembedwe bwinobwino kuti bowo likakhala louma alipira ndani, chifukwa magulu ambiri ndalama zimathera pamenepo. Akumbe mu Seputembala kapena Okutobala madzi ali pansi kwenikweni. Lokumbidwa mu Malichi limanyenga. Akamaliza apope kwa maola angapo mosalekeza n'kulemba malita otuluka paola, ndipo pampu igulidwe motsatira nambala imeneyo. Pampu yamphamvu kuposa chitsime imayamwa mpweya n'kupsa. Pamwamba pa bowo athire simenti yozungulira paipi kuti madzi akuda asatsikiremo, chimbudzi ndi khola zikhale mamita 30 kapena kuposa, ndipo chitsime chikalembetsedwe ku WARMA, bungwe la boma loyang'anira madzi. Mapanelo akufuna mpanda ndi mlonda. Ndalama tili nazozi zingakumbe bowo lokha, thanki ndi sola ayi.

Mlembi (Chipata):
Apa ndi pomwe CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'konsitichuwense, ikulowa. Kuyambira 2022 thumba limeneli linakwezedwa kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo lakhala likukwera. Mijigo ili m'gulu la ntchito zomwe limalipira. Pempho limadzera ku Ward Development Committee (WDC), komiti ya chitukuko ya m'wadi, ndipo limalimba likakhala ndi minitsi ya msonkhano wa mudzi, siginecha ya amfumu ndi kaundula wa mabanja. Chimanga chosungira mudzi wathu tokha n'chovuta kupempha kumeneko. Ndiye chomwe boma lingatichitire tichipemphe, ndalama zathu zipite komwe kulibe wina wotigwirira.

Amalume a ku Kitwe:
Pempho limatenga nthawi, ndipo midzi yopempha ndi yambiri. Ndivomera pokhapokha wodwalawo ukonzedwe mwezi uno, osati "tidzaona".

Msungichuma (Johannesburg):
Ine nkhawa yanga ndi ina. Nkhokwe za midzi zambiri sizifa ndi nankafumbwe, zimafa ndi ngongole. Mumabwereketsa thumba mu Januwale kuti lidzabwerere mu Juni ndi meda pamwamba. Chaka chabwino zimatheka. Chaka cha ng'amba, chomwe tikumangira nkhokweyo, palibe wokolola, ndiye palibe wobweza. Chaka chachiwiri chipinda chili mbee. Palinso maliro: munthu akamwalira, ndani angakane kutulutsa thumba? Maliro asanu, matumba khumi apita.

Mlangizi wopuma (kumudzi):
Mwakhudza pachilonda, mlongo wanga. Njira yomwe imakhalitsa ndi yogulitsa, osati yobwereketsa. Timagula mu Juni ndi Julaye mtengo uli pansi, kwa alimi a m'mudzi momwemo asanapatse mavenda. Mu Januwale timagulitsa pamtengo womwe tinagulira, n'kuwonjezapo pang'ono za matumba ndi zowonongeka, pamene kumsika wa Kapata ku Chipata mtengo wakwera kale. Tigulitse ndi meda kapena chitini, osati thumba lathunthu, ndipo banja lililonse likhale ndi malire pasabata kuti wina asagule chonse n'kukagulitsanso kumsewu. Ndalama ilowe kubanki tsiku lomwelo kudikira kukolola kwina. Matumba 10 pa 100 aliwonse apatulidwe kukhala aulere a nkhalamba, ana amasiye ndi odwala, mayina awo asankhidwe pabwalo anthu onse akumva, mu Novembala njala isanayambe. Za maliro zikhale ndi thumba lake, monga timachitira kale.

Msungichuma (Johannesburg):
Ndiye ndikuwonjeza: maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu a mabanja osiyana, awiri akhale amai. Buku limodzi m'nkhokwe, ndipo chithunzi cha tsamba chitumizidwe muno Loweruka lililonse. Kuwerenga matumba kamodzi pamwezi pamaso pa nduna ya amfumu.

Achemwali a ku Chadiza (ogula mbewu):
Malamulo ndi abwino, koma chimanga chonyowa sichimva lamulo. Ndiloleni nditalikitse apa chifukwa ndi pomwe matani 5 angawolere m'miyezi iwiri. Chimanga chosunga nthawi yaitali chinyontho chake chisapitirire 13 peresenti. A FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chimanga, amafuna 12.5. Kuluma njere ndi mano sikokwanira. Ngati makina opimira palibe, tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga kufika gawo limodzi mwa atatu, onjezani masupuni awiri kapena atatu a mchere wokazingidwa kuti uume. Tsekani, khutchumulani mphindi imodzi, siyani mphindi 15, khutchumulaninso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chinyontho chaposa 15, chibwerere padzuwa. Ukapanda kumatirira, yanikanibe masiku awiri ena, chifukwa mchere sumasiyanitsa 15 ndi 13. Yanikani pa tenti kapena pamphasa, osati padothi, ndipo madzulo muzifunditsa kuopa mame.

Musagule chopunthidwa ndi ndodo mpaka kusweka. Njere yosweka ndi khomo la chuku ndi nankafumbwe. Petani, chotsani zowola, zobiriwira ndi zakuda, ndipo zimenezo musapatse nkhuku kapena nkhumba, zikwirireni.

Matumba tigule aja osalowa mpweya, monga a PICS: mapulasitiki awiri m'kati, saka kunja. Musanathire, futukulani pulasitiki iliyonse, kolani mpweya n'kufinya kuti muone ngati yabooka. Mukathira, tulutsani mpweya wotsala, potokolani kukamwa, pindani, mangani ndi chingwe kapena mphira. Yoyamba payokha, yachiwiri payokha, saka payokha. Tizilombo tili m'katimo timatha mpweya n'kufa tokha, mankhwala osafunika. Cholakwika chachikulu ndi kumatsegulatsegula kuti "tione ngati chili bwino". Mukatero mwawapatsanso mpweya. China ndi kubaya thumba ndi chitsulo chotengera sampulo monga amachitira pamsika. Thumba losamalidwa limagwira zaka zitatu.

Mmisiri womanga (Chipata):
Chipinda chake: pansi simenti, ndipo pulasitiki yakuda iyalidwe simenti isanathiridwe kuti chinyontho chisakwere. Matumba akhale pa mathandala a matabwa, atalikirane ndi khoma theka la mita kapena kuposa kuti munthu azizungulira. Mawindo aang'ono m'mwamba otchingidwa ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono. Pansi pa chitseko mukhomere lata, khoswe amalowera pomwepo, ndipo khoswe mmodzi akaboola pulasitiki ntchito yonse ya achemwali yatha. Nthambi zogunda denga zidulidwe, udzu ulambulidwe mamita angapo kuopa moto wolusa. Feteleza, petulo ndi mankhwala a thonje zisalowemo. Njerwa ndi mchenga mudzi ungapereke, ife tigule simenti, malata, chitseko ndi waya.

Anamwino (Petauke):
Za chuku zisatengedwe mopepuka. Chimapanga poizoni wa aflatoxin yemwe saphedwa ndi moto, amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa ana. Mu 2024 Unduna wa Zaumoyo unachenjeza dziko agalu atafa ndi chakudya chopangidwa ndi chimanga chotere. Nshawa nazo zimagwidwa kwambiri, zisungidwe m'makoko. Ndipemphenso kabokosi pakona yakeyake: mabotolo a klorini, sopo ndi mapaketi a ORS. Kolera ya 2023 mpaka 2024 inachedwetsa masukulu kutsegula mpaka Febuluwale. Madzi othira klorini adikire mphindi 30 asanamwedwe. ORS ikasowa: lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, theka la kasupuni ka mchere, wodwala azimwa ali panjira yopita kuchipatala.

Agogo aakazi (kudzera mwa mdzukulu):
Akuti ana inu mukukamba chimanga chokhachokha. Kale pakhomo pamakhala mapira, nyemba, kandolo ndi chinangwa, ndipo chaka cha dzuwa ndi zimenezo zimatsala m'munda. Akufunsa ngati m'nkhokwemo mudzakhala mbewu yodzala.

Mlangizi wopuma (kumudzi):
Ambuye anena zoona. Pakhale shelefu ya mbewu: mapira, nyemba, nshawa ndi chimanga cha makolo, m'zigubu zotseka bwino, dzina ndi chaka zitalembedwa. Cha haibulidi musasunge chobwereza, zokolola zimatsika. Mu Okutobala yesani: njere 100 pansalu yonyowa, werengani zomera pakatha masiku 7. Zikachepera 80, mbewuyo isinthidwe. Mbewu ndiyo tingabwereketse, meda imodzi kubweza ziwiri, chifukwa ndi yochepa. Chinangwa ndi kandolo sizisungika m'chipinda. Zimafuna kamunda ka gulu m'mbali mwa dambo kotchingidwa ndi mpanda kuopa mbuzi, kuti mvula yoyamba ikagwa mitengo ndi zingwe zodzala zikhalepo.

Amalume a ku Kitwe:
Kamunda kameneko kadzafunanso madzi mu Okutobala. Mlembi alembe kuti ndabwereza.

Mlembi (Chipata):
Ndalemba, amalume.

Wapampando (Lusaka):
Tivote pa izi pofika Lachisanu 18:00. Choyamba, mjigo wodwala ukonzedwe ndi mapaipi apulasitiki, ndipo mabanja ayambe kusonkha kangachepe pamwezi ka zosinthira. Chachiwiri, zotsala zipite ku chipinda, matumba osalowa mpweya ndi chimanga monga ndalama zingakwanire, ngakhale atakhala matumba 60 chaka choyamba. Chachitatu, pempho la mjigo watsopano lipite ku WDC. A Mlembi mukaonane ndi amfumu za malo. Amai a komiti ya madzi, yesani zija za mphindi 30 mawa m'mawa.

Amai a komiti ya madzi (kumudzi):
Tiyesa. Koma amene adzabwere kudzazula mapaipi abwere Lachiwiri, chifukwa Lachitatu ndi sikelo ya ana ndipo amai onse adzakhala kuchipatala. Atiuzenso tipeze amuna angati okoka.

Wokonza mijigo (Katete):
Asanu akwana, ndi chingwe chachitali choyezera kuya kwa madzi. Mutunge okwanira masiku awiri, chifukwa tikamaliza tithira klorini m'chitsime ndipo agone usiku wonse osatungidwa.