Kodi ndizimitse ESC pokayendetsa galimoto pa bwalo la mpikisano?

Mwana wa ku Nchalo analemba kuti:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene mumawadziwa bwino magalimoto. Ine ndimakhala ku Nchalo, koma achimwene anga amagwira ntchito ku Joni, ndipo ali ndi Toyota 86 ya 2013, ija ya zitseko ziwiri imene mphamvu ya injini imapita kumatayala akumbuyo. Andiitana kuti ndikapita kukawaona tikakhale nawo pa tsiku limene bwalo la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, limalola anthu wamba kulowa ndi magalimoto awo n'kumathamanga popanda kupikisana.

Achimwenewo akuti ndikangokhala pampando ndizimitse VSC, lomwe ndi dzina limene a Toyota anapatsa chipangizo chothandiza kuti galimoto isaterereke pokhota, chimene ena amati ESC, chifukwa akuti chimalanda injini mphamvu potuluka pakona ndiponso chimalepheretsa munthu kuimva galimoto. Ine ndayendetsa zaka zambiri pamsewu wa M1, ndipo zitunda za Chikwawa ndimazikwera ndi kuzitsika usana ndi usiku, koma pa bwalo sindinalowepo. Kodi munthu wotere azimitse kapena asiye choyaka? Nanga ndikazimitsa, ABS nayonso imasiya kugwira ntchito?

Makaniko wa pa Dyeratu anayankha kuti:

Achimwene, musazimitse. Ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri chifukwa ndi lalifupi: ABS imagwirabe ntchito ngakhale batani lozimitsira VSC mwalidinikiza, koma ABS imangoteteza kuti matayala asaume mukaponda mabuleki mwamphamvu. Galimoto ikayamba kuzungulira pakati pa kona, ABS ilibe chochita.

ESC imagwira ntchito ina. Ili ndi masensa angapo: ina imayeza mmene mwakhotetsera chiwongolero, ina liwiro la teyala lililonse, ina mmene thupi la galimoto likutembenukira, inanso mphamvu imene ikukankhira galimoto kumbali. Kompyuta imayerekeza kumene inu mukuloza ndi kumene galimoto ikulowera, ndipo imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi. Ziwirizi zikasiyana, imamanga buleki ya teyala limodzi lokha, chinthu chimene phazi la munthu silingathe chifukwa pedulo ndi imodzi ya matayala onse anayi. Kumbuyo kwa galimoto kukataya n'kuyamba kuthawira kunja kwa kona, imamanga teyala lakutsogolo la mbali yakunja. Kutsogolo kukakana kukhota, galimoto n'kumangopita chamtsogolo chiwongolero chili chokhota, imamanga teyala lakumbuyo la mbali yam'kati. Nthawi zambiri imachepetsanso mphamvu ya injini, ndipo n'zimene achimwene anu akudandaula.

Chipangizochi chinayamba kuikidwa m'magalimoto ogulitsa mu 1995, pamene a Mercedes-Benz ndi a Bosch anachiika mu S-Class n'kuchitcha ESP. Chinatchuka mu 1997, A-Class ya Mercedes-Benz itagubuduka poyesedwa ku Sweden, pa mayeso okhotetsa mwadzidzidzi ngati munthu akuzemba nyama pamsewu, ndipo kampaniyo inayamba kuika ESP m'galimoto iliyonse ya mtunduwo. Ku America lamulo limafuna kuti magalimoto ang'onoang'ono onse kuyambira a 2012 akhale nacho, ndipo ku mayiko a European Union lamulo lotere linakhudza magalimoto onse atsopano kuyambira mu November 2014. A BMW amati DSC, a Porsche amati PSM, a Nissan amati VDC, a Honda amati VSA, koma ntchito yake ndi imodzimodzi.

Tsono chimene ndikufuna mugwire ndi kanyali kachikasu kamene kamaphethira pa dashibodi chipangizochi chikalowererapo. Kwa munthu woyamba kumene, kanyali kameneka ndi mphunzitsi, chifukwa kamakuuzani nthawi yeniyeniyo pamene mwaponda moto msanga chiwongolero chisanawongoke, kapena mwalowa pakona ndi liwiro loposa limene matayala angagwire. Mukazimitsa, cholakwacho mudzachichitabe, kungoti mudzachidziwa galimoto itatembenuka kale. Kuyendetsa kwanu m'zitunda za Chikwawa sindikukuchepetsa, koma kumeneko dalaivala wanzeru amayesetsa kuti matayala asafike pamalire a mphamvu zake, pamene pa bwalo cholinga chake n'kufika pamalirewo, ndipo manja anu sanazolowere zimene zimachitika pamenepo.

Wa ku Bangula wokhala ku Joni anayankha kuti:

Bambo makaniko anena zoona, ndipo pa tsiku loyamba ndikugwirizana nawo kwathunthu, koma achimwene anu nawonso sakunama, choncho ndifotokoze mbali yawo. Ine ndimapita ku Zwartkops ndikapeza mpata. Bwalolo ndi lalifupi, pafupifupi makilomita 2.4, kusiyana ndi bwalo lina la Kyalami lomwe limapitirira makilomita 4.5, ndiye makona amabwera motsatizana ndipo mabuleki sapeza nthawi yokwanira yozizira.

ESC inakonzedwa poganizira msewu wamba, choncho imalowererapo msanga. Koma galimoto imathamanga bwino pakona matayala akamaterereka pang'ono chabe, ndipo dalaivala wodziwa amafuna kuterereka kochepa kumeneko kuti mphuno ya galimoto iloze kotulukira. Kompyuta imakuona ngati chiyambi cha ngozi. Zotsatira zake n'zakuti imamanga mabuleki pamene inu simunaponde, kona ndi kona, mpaka mapadi amatentha kwambiri. Ndinaonapo galimoto ikutuluka pa bwalo utsi ukufuka m'malimu akumbuyo, fungo la mapadi opserera lili ponseponse, mwiniwake akudabwa chifukwa iye ankaona ngati sanaponde mabuleki kwambiri. Komabe ndinene mosabisa kuti zimenezi zimachitika kwambiri kwa munthu amene akukakamiza galimoto, amene amaponda moto mpaka pansi n'kusiyira kompyuta kuti ikonze zotsalazo. Woyendetsa mofatsa, amene amatembenuza chiwongolero kamodzi n'kuwonjezera moto pang'onopang'ono, kanyali kaja sakaona kawirikawiri.

Ubwino wake, Toyota 86 ili ndi njira yapakati. Pafupi ndi giya pali batani lolembedwa VSC Sport, limene limalola kumbuyo kuterereka pang'ono chipangizocho chisanalowererepo, koma chimakhalabe tcheru. Kuti muzimitse zonse mumayenera kudinikiza batani lina lozimitsira VSC kwa masekondi opitirira atatu galimoto ili chiimire, ndipo mukazimitsa injini n'kuilizanso zonse zimabwerera mwakale. Malangizo anga ndi akuti m'mawa muyende zonse zili zoyaka, mlangizi wa pabwalopo ali pampando wa pambali panu. Iyeyo akaona kuti mzere umene mukutsata podutsa makona wakhazikika ndipo kanyali kakungophethira pamalo amodzi kapena awiri pamene inu mukudziwa chifukwa chake, mukhoza kuyesa VSC Sport masana. Kuzimitsa zonse kudikire tsiku lina, ndipo malo abwino ophunzirira zimenezo ndi bwalo lathyathyathya lothiridwa madzi, lopanda khoma, kumene galimoto ikhoza kuzungulira popanda kugunda kanthu. Mvula ikagwa, yatsani zonse ngakhale mutazolowera bwanji.

Mufunsenso achimwene anu za inshulansi yawo, chifukwa ma inshulansi ambiri a magalimoto wamba salipira ngozi yochitikira pa bwalo la mpikisano, ndipo galimotoyo si yanu.

Mayi a ku Nsanje anayankha kuti:

Ine za mabwalo a mpikisano si mbali yanga, koma ndimayendetsa galimoto ya kuntchito m'misewu ya kuno kuchigwa, ndipo ndikuopa kuti achinyamata owerenga nkhaniyi angatengere chizolowezi chozimitsa ku M1. Pa bwalo magalimoto onse amalowera kumodzi, pali malo otakasuka othawirako, ndipo pali anthu okweza mbendera kukachitika kanthu. Pakati pa Ngabu ndi Bangula mumakumana ndi ng'ombe zodutsa, akabaza, ana a sukulu, ndi mchenga umene madzi amasiya pa tala mvula ikagwa. Mbuzi ikatulukira mwadzidzidzi inu n'kukhotetsa kumanja kenaka kumanzere, pamenepo m'pamene ESC imapulumutsa anthu, makamaka m'magalimoto aatali amene sachedwa kugubuduka.

Nthawi yokhayo imene ine ndimagwira batani limenelo ndi pamene galimoto yatitimira mumchenga kapena m'matope, monga m'misewu yafumbi yolowera kumidzi ya m'mbali mwa Shire nyengo ya dzinja. Pamenepo matayala amafunika azungulire momasuka kuti galimoto itakasike, koma kompyuta imadula mphamvu n'kukusiyani pomwepo. Ndikangotuluka ndimayatsanso ndisanafike pa tala.

Mwana wa ku Nchalo anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndiwauza achimwene kuti ndidzayamba zonse zili zoyaka ndipo tidzapempha mlangizi. Bambo makaniko, popeza nkhani ya kutentha kwa mabuleki yatchulidwa, kodi pali choti tikonze pa galimotoyo tsikulo lisanafike?

Makaniko wa pa Dyeratu anayankhanso kuti:

Chilipo, achimwene, ndipo choyamba ndi mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi akamakhalitsa, ndipo akayamwa amawira msanga. A mtundu wotchedwa DOT 4 akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, koma muyezo wake akayamwa madzi umatsika kufika pa madigiri 155. Akawira amapanga mpweya m'mapaipi, pedulo imafewa n'kupita pansi, ndipo popeza ESC imadalira mafuta omwewo kuti imange teyala, nayonso imafooka. Ngati papita zaka ziwiri asanasinthidwe, asinthidwe onse, osati kungowonjezera. Aone makulidwe a mapadi a kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa ambiri amaiwala akumbuyo.

Chachiwiri ndi matayala. Onse anayi akhale a saizi yoyenera galimotoyo ndiponso osasiyana kwambiri kaperepesedwe, chifukwa kompyuta imawerengera liwiro la teyala lililonse, ndipo matayala osiyana amaisokoneza mpaka kumalowererapo popanda chifukwa. Mpweya muziyeza mukangotuluka pa bwalo matayala akadali otentha, popeza umakwera ndi kutentha. Musanatuluke, zungulirani bwalo kamodzi pang'onopang'ono osaponda mabuleki kwambiri kuti azizire ndi mphepo, ndipo mukaima musakoke handibuleki, ingosiyani galimoto m'giya pamalo athyathyathya kuti zotentha zisagwirane n'kuwononga mabuleki akumbuyo.