Achimwene atuluka ku Zomba, kumudzi tiwasamale bwanji?

Nachisale:

Moni nonse. Ndikupempha malangizo kwa amene anadutsamo kale. Achimwene anga ali ndi zaka 29 ndipo anayamba kudwala matenda a maganizo mu 2021. Poyamba tinkati ndi chamba. Anasiya kugona, usiku wonse akuyankhana ndi anthu omwe ife sitikuwaona, mpaka tsiku lina anatentha zovala zawo pabwalo, ati wina waziika mankhwala. Tinayenda nawo kwa asing'anga awiri, mbuzi za amayi zinathera komweko. Chaka chino zitafika poipa anawatumiza ku Zomba Mental, anakhalako masabata asanu ndi awiri, ndipo abwerako ali bwino ndithu. Akudya, akusamba, dzulo anandifunsa za ana anga powatchula mayina.

Vuto ndi lakuti ine ndimagwira ntchito ku Lilongwe, kumudzi kuli amayi okha, ndipo akula. Mapiritsi akuwagonetsa achimwene mpaka dzuwa pamutu, malovu akudontha, manja akunjenjemera. Achimwene ayamba kunena kuti achira, mankhwala asiye. Amalume akuti tiwapereke kwa mneneri wina amene amasunga odwala kwake, koma ndinamva kuti amawamanga unyolo kumwendo. Mtima wanga ukukana. Kodi pakati pa chipatala ndi unyolo palibe njira ina? Anzanga mumatani?

Namwino wopuma:

Mwanangu, pepa ndi zimenezi. Ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo odwala ambiri amene ndinawaona akubwereranso kuchipatala anabwerera chifukwa chosiya mankhwala atamva bwino. Kumva bwinoko ndi mankhwalawo. Choncho asasiye, koma asapirirenso malovu ndi kunjenjemerako ngati kuti ndi chilango. Zimenezo zimachitika ndi mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol, ndipo zili ndi chochita. Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kusuntha kuti ambiri azimwa usiku, kapena kuwonjezera kapiritsi kotchedwa benzhexol, ena amati Artane. Musachepetse nokha kunyumba. Koma akadzauma thupi lonse, kutentha kwambiri ndi kusokonekera, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Simukuyenera kubwerera ku Zomba mwezi uliwonse. Pachipatala chachikulu cha boma lanu pali namwino kapena dokotala wa matenda a maganizo, ndipo thandizo lake ndi laulere. Tengani kabuku ka kuchipatala ka achimwene ako ndi kalata imene anatuluka nayo. Mufunse zinthu ziwiri: tsiku limene amayendera chipatala chaching'ono chakufupi ndi kwanu, komanso ngati angathe kuwaika pa jakisoni wa pamwezi, wa fluphenazine. Kwa mayi wachikulire, kukumbukira tsiku limodzi pamwezi n'kosavuta kusiyana ndi kukangana ndi mwana wamkulu madzulo aliwonse.

Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mudziwane naye. Amayenda m'midzimo kale, akhoza kumadutsa kudzaona. Uli ku Lilongweko ukafunsenso ku St John of God. Anayambira kuno ku Mzuzu, ndipo kupatula kugoneka odwala amachita uphungu wa mabanja ndi kuthandiza ofuna kusiya mowa ndi chamba. Za malipiro ukamve komweko.

Za mapemphero ine sindiletsa, inenso ndine wa Mvano. Abusa abwere adzapemphere pakhomo, achimwene ako apite kutchalitchi ndi anzawo. Koma malo alionse amene akuti asiye mankhwala, kapena akumanga munthu, ayi. Ndinatsukapo zilonda za unyolo, zina zofika pafupa.

Mlimi wa tomato:

Achemwali, ine ndilankhula ngati mwini matenda. Ndakhala pa jakisoni zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Ndinasiyapo kawiri, kawiri konseko ndinadzidzimuka ndili kuchipatala osadziwa kuti ndafika bwanji.

Chimene chinkandipweteka kwambiri si mankhwala ayi. Ndi zoti pakhomo anasiya kundituma. Mpeni akuubisa, khasu akulibisa, alendo akabwera akundiuza kuti ndilowe m'nyumba. Ana a m'mudzi akundikuwiza kuti wamisala. Munthu ukakhala pakhonde tsiku lonse wopanda chochita, maganizo amabwera okha, ndipo amene amakulandira ndi a pa kachasu basi. Amene anandidzutsa ndi agogo anga aamuna. Anandigawira kadimba kumtsinje, mizere isanu ndi itatu, nati m'mawa uliwonse ndikufuna ndikuone ndi kheni m'manja. Masiku oyamba ndinkathirira mizere iwiri n'kugona pansi pa mtengo wa mango. Sanandikalipire. Lero ndimagulitsa tomato pamsika ndipo ndili m'gulu la banki m'khonde, ndalama ya kabaza yopitira kujakisoni ndimalipira ndekha.

Achimwene anuwo ankakonda chiyani asanadwale? Yambirani pamenepo, ngakhale nkhuku zitatu. Ndipo muzikambirana nawo iwowo, osati kukambirana za iwo ali pomwepo ngati mwana. Mugwirizane nawo tsopano, mutu uli bwino, kuti zizindikiro zikayamba mudzatani. Ine changa ndi tulo. Ndikangophonya masiku awiri, akazi anga safunsanso, timanyamuka.

Kuli bungwe la MeHUCA, la anthu odwala matenda a maganizo ndi owasamalira. Mufunse kuchipatala ngati kwanuko kuli gulu lawo. Kukhala pansi ndi munthu amene anamvapo mawu ngati amene iwe umamva, n'kumuona wavala bwino akuseka, kumalimbitsa mtima kuposa uphungu wina uliwonse.

Nangozo ku Joni:

Ine ndikumbutseko za amayi anu. Kwathu anali mng'ono wanga, ndipo tonse maso anali pa iye mpaka amayi anagwa ndi BP. Ife a kunja timaganiza kuti tikatumiza ndalama tamaliza. Itanani abale onse, amalume omwewo akhalepo, ndi amfumu adziwe. Mugawane poyera: uyu woperekeza kuchipatala, uyu wogona pakhomo amayi akapita kumaliro, uyu wa thiransipoti. Amalume mukawapatsa mbali yawo, za mneneri aziiwala. Amanena zimenezo chifukwa chosowa pogwira.

Chinanso, pakachipatala kathu mankhwala ankatha kawirikawiri. Tinaphunzira kupita kusanathe sabata yomaliza, ndipo ndimasunga kandalama padera kogulira ku famase zikavuta. Dzina la mankhwala ndi mlingo wake mujambule pafoni.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga ndikulira. Amayi anamwino, ndapempha tchuthi Lachinayi, ndiwaperekeza ndekha ndipo ndikafunsa za jakisoniyo ndi za malovu. Achimwene a tomato, mwandikumbutsa chinthu. Achimwene anga asanadwale ankakonza njinga pansi pa mtengo pafupi ndi chigayo, ndipo masipanala awo ndine ndinawatsekera m'chikwama changa chaka chija, poopa kuti angavulaze munthu. Ali kuno ku Lilongwe pansi pa bedi. Ndawaimbira usiku uno kuwafunsa ngati akuwafuna. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ndibweretsenso pampu ndi guluu wa machubu, chifukwa njinga ya amalume yakhala yophwa kuyambira nthawi yokolola.