Kodi penti woyera angagwire pa mafelemu a mlombwa opakidwa vanishi?

Wofunsa: Moni nonse, makamaka amisiri a matabwa ndi opaka penti. Ndili ndi nyumba ku Bangula, m'boma la Nsanje, yomwe mafelemu a zitseko ndi mawindo, pamodzi ndi timatabwa toyenda m'munsi mwa khoma, ndi a mlombwa, ndipo anapakidwa mankhwala ofiiritsa thabwa kenako vanishi pamwamba. Madzi osefukira a namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, analowa m'nyumba mpaka kufika m'mawondo, moti chichokereni nthawi imeneyo vanishi wa m'munsi anatuwa ndipo akusupuka ngati khungu la njoka, pomwe wa kumtunda akadali wonyezimira. Ndikufuna kupaka penti woyera kuti m'nyumba muziwala. Mmisiri wina akuti tingopaka gloss, penti wonyezimira uja, kawiri pamwamba pa vanishiyo, wina akuti tipale zonse mpaka thabwa lenileni lioneke. Kodi woona ndi uti, nanga ndi pulayima (penti woyamba kupaka pathabwa) wotani amene angaletse kufiira kwa mlombwa kutulukira pa penti?

Wopaka penti wa ku Nchalo: Bambo, onse awiriwo akunena zoona pang'ono chabe. Penti sagwira pa chinthu choterera, choncho mukapaka gloss pa vanishi wonyezimira adzayamba kumatuka mukangomukanda ndi chikhadabo, makamaka m'mphepete momwe chitseko chimagunda. Komabe sikofunika kupala zonse. Yambani mwatsuka mafelemuwo ndi madzi a sopo kuti muchotse mafuta a m'manja ndi polishi, muwatsukuluze, aume bwinobwino. Pamene vanishi ali wolimba, khwekhwezani ndi sandipepa wa nambala 120 mpaka kunyezimira kuthe, kenako musalaze ndi wa 180 kapena 220, motsatira mizere ya thabwa. Pamene akusupuka, palani mpaka mufike pathabwa, ndipo musalaze malire a malo opalidwa ndi osapalidwa kuti mzere usadzaoneke pansi pa penti. Muvale chotchinga kukamwa ndi mphuno, chifukwa fumbi la vanishi ndi loipa pachifuwa.

Pa nkhani ya pulayima, musayerekeze kugwiritsa ntchito PVA, penti wamadzi wapakhoma uja. Utoto wachilengedwe wa mlombwa umasungunuka ndi madzi, ndiye penti wamadzi amaukokera kunja, ndipo pakangopita masiku ochepa mumaona mawanga ofiirira pa penti woyera uja. Gulani pulayima wa matabwa wamafuta, ndipo mukapeza wa mtundu wotchedwa shellac ndiye wabwino koposa potsekera mawanga, ngakhale kuti nthawi zambiri amafunika kukamufunafuna ku Blantyre kapena ku Limbe. Akauma, mupake andakoti, yemwe ndi penti wapakati pa pulayima ndi gloss, kenako gloss kawiri mopyapyala.

Kalipentala wa ku Ngabu: Ine mtima ukundiwawa kumva kuti mlombwa ukubisidwa ndi penti, pomwe masiku ano thabwa limeneli likusowa ndipo mtengo wake ndi wokwera, koma nyumba ndi yanu. Chimene ndikupempha n'chakuti musanagule chilichonse mubaye m'munsi mwa felemu lililonse ndi sikuludilaiva. Ikalowa mosavuta, ndiye kuti mwawola kapena muli chiswe, ndipo gawo limenelo lidulidwe ndi kulumikizidwa ndi thabwa lina. Mlombwa weniweni, wapakati wofiira uja, chiswe sichiukonda, koma mbali yoyera ya kunja kwa mtengo chimaidya ndithu. Muonenso ngati khoma likadali lachinyezi, poti penti akatsekera madzi m'thabwa amatupa matuza.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, akuluakulu. Ndabaya monga mwanenera ndipo ndapeza kuti felemu la kubafa lokha ndi limene lafewa. Nanga ndidikire nthawi yaitali bwanji pakati pa pulayima ndi andakoti, poganizira kutentha kwa kuno ku chigwa?

Wopaka penti wa ku Nchalo: Tsatirani zolembedwa pachitini, koma wamafuta mumusiye agone usiku wonse ngakhale aoneke wouma masana omwewo, chifukwa kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala, komwe kuno kumapitirira madigiri 40, kumaumitsa pamwamba pokha pansi pakadali pofewa. Muzipaka m'mawa dzuwa lisanagunde felemu, ndipo mupewe madzulo pomwe tizilombo timathamangira nyali n'kumatirira pa penti. Muyambe mwayesa kuseri kwa chitseko chimodzi: pakatha sabata, muchekepo timizere topingasa ndi lezala, mumatepo selotepi n'kuikoka mwamphamvu. Penti akatsalira pa selotepiyo, pakufunika kukhwekhwezanso.

Mayi wa ku Chikwawa boma: Ndiwonjezepo kuti gloss woyera wamafuta amasanduka wachikasu pakapita nthawi, makamaka m'zipinda zosalowa dzuwa. Kwathu tinapaka enamel wamadzi pamwamba pa pulayima wamafuta atauma bwino, ndipo mafelemu a m'kolido akadali oyera.