Mbuna zanga zitatu zafa usiku umodzi, chalakwika n'chiyani?

MwanaWaKuMonkeyBay

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili kuno ku Joni, ndipo m'balaza mwanga muli thanki ya nsomba ya malita 200 imene ndinagula yakale kale kwa mnzanga wa kuntchito. Munali mbuna 12, zachikasu 8 ndi zamizeremizere zabuluu 4. Ndazisunga miyezi isanu popanda vuto. Lero Lachinayi ndadzuka ndapeza zitatu zili gada pansi pamchenga, zina zonse zili pamwamba, kukamwa yasa, kupuma mwabefu ngati zathamangitsidwa. Zakufazo zilibe bala, mamba ali bwinobwino, mimba sinatupe.

Zimene ndikukumbuka: Loweruka kunabwera apongozi, ndiye ndinayeretsa thanki yonse kuti ioneke bwino. Ndinachotsa madzi oposa theka, miyala ndinaikwecha ndi burashi, masiponji a mu fyuluta (kamakina kosefa madzi) ndinawachapa pampopi mpaka anayera mbee. Lolemba usiku magetsi anazima maola anayi. Mayi a kunyumba akuti mwina ndi mankhwala a mphemvu amene anapopera kukhitchini Lamlungu. Ine mutu waima.

AnkoloAChambo

Pepani achimwene, koma ndaseka pang'ono. Kwathu tili ana mbuna tinkangoziwedza pamiyala ndi kaulusi, agogo n'kumatikalipira kuti mwabweretsa tinsomba taminga tokhatokha. Lero munthu wa ku Monkey Bay akugula mbuna ndi marandi ku Joni! Funso langa ndi limodzi: mumazipatsa chiyani? Mbuna zambiri kunyanja zimadya ndere za pamiyala. Mukamazikhutitsa chakudya chanyama zimatupa mimba, matenda aja azungu anachita kuwatcha dzina la dziko lathu, Malawi bloat.

MayiWaMathanki_Leeds

Ankolo, za chakudya mwanenazo n'zoona, koma pano sizikugwirizana. Nsomba yotupa mimba imayamba yasiya kudya, imabisala kumiyala, imatulutsa chimbudzi choyera ngati ulusi, ndipo zimafa imodziimodzi. Izi zafa pamodzi, zotsala zikuvutika kupuma. Mankhwala a mphemvu ndi oopsadi kwa nsomba, koma akanalowa m'madzi Lamlungu bwenzi mutaona nsomba zikuphiriphitha tsiku lomwelo, osati patatha masiku anayi. Muwakhululukire mayiwo.

Ine ndikuloza masiponji aja. Zimene inu munkaona ngati litsiro, zabulawuni zija, ndi nyumba ya mabakiteriya amene amasunga moyo wa thanki yonse. Nsomba zimatulutsa poizoni wotchedwa ammonia, mabakiteriya ena amaisandutsa nitrite, amenenso ndi poizoni, enanso amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene alibe ululu kwambiri. Madzi a pampopi ali ndi klorini, ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, ndipo sasankha oipa kapena abwino. Ndiye munachapa masiponji, munakwechanso miyala, ochepa amene anatsala fyuluta inawaimira maola anayi magetsi atazima. Poizoni anayamba kuunjikana pang'onopang'ono madzi akuoneka oyera ngati a m'botolo. Komanso ife osunga mbuna timafuna madzi a pH (muyezo wa asidi m'madzi) cha m'ma 8 ngati a kunyanja, ndipo pamenepo ammonia amaluma kwambiri kusiyana ndi pa pH yotsika.

Ngati simunataye zakufazo, tsegulani kachivindikiro ka m'mbali mwa mutu muone mopumira. Pakhale pofiira. Pakakhala pabulawuni ndi nitrite, amaononga magazi kuti asanyamule mpweya, n'chifukwa chake nsomba zimathawira pamwamba. Ine zinandionekera chaka changa choyamba, ndinataya zisanu ndi ziwiri, ndinalira ngati mwana. Pitani mukagule zoyezera madzi zamadontho, zatimapepala zija sindizikhulupirira kwenikweni.

MwanaWaKuMonkeyBay

Mayi, mwalasa. Ndathamanga kusitolo ya ziweto nthawi ya nkhomaliro. Kabotolo ka nitrite kamayenera kukhala kabuluu, kanga kasanduka ngati khungu la biringanya, pa tchati ndi cha pa 2. Ammonia ali pa 0.5. Imodzi ndinali nditaisiya m'pepala la pulasitiki panja, ndayang'ana mopumira, mpabulawuni ndithu. Manyazi andigwira, ndinawanena kale mayi a kunyumba m'mawa. Nditani tsopano? Nditsukenso zonse?

MayiWaMathanki_Leeds

Ayi, chonde, fyuluta musaikhudzenso! Lero lomwe chotsani theka la madzi, muthire atsopano ofunda mofanana ndi a m'thanki, cha pa madigiri 25, mutayamba mwadonthezera mankhwala ochotsa klorini. Kungogoneka madzi m'ndowa usiku sikukwanira ngati kwanuko amathira chloramine, mankhwala ena ophera tizilombo m'madzi a pampopi, ameneyo sauluka msanga ngati klorini. Mawa muyezenso, mubwerezenso, mpaka nitrite afike pa 0. Zitha kutenga sabata ziwiri kapena kupitirira. Masiku awiri atatu musazipatse chakudya, sizifa ndi njala. Mchere wamba wopanda zosakaniza, supuni yaikulu imodzi pa malita 20, umathandiza kuti nitrite asalowe kwambiri m'magazi, musungunule kaye m'kapu. Ngati mnzanu uja akadali ndi thanki ina, mupempheni siponji yake yakuda bii muike mu fyuluta yanu. M'tsogolo masiponji muzingowafinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki momwemo. Za magetsizo, pali tipampu ta mpweya toyendera mabatire.

AnkoloAChambo

Ndiye mlandu wagwera apongozi, akanapanda kubwera bwenzi nsomba zili moyo. Koma achimwene, madzulo ano mugule kenakake kopepesera kunyumbako musanagwire ndowa.