Kodi nyimbo ya makolo ikachotsedwa mawu imakhala kuti yatsitsimutsidwa?

Woimba gitala, Chilomoni:
Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu. Ku Nepal kuli gulu lotchedwa Kutumba, lomwe linayamba ku Kathmandu mu 2004, ndipo limatenga nyimbo za kumidzi n'kuzikonza mwatsopano ndi zoimbira zokhazokha, popanda woimba pakamwa. Amaliza sarangi, choimbira cha nsambo zinayi chokwecha ndi kauta, chitoliro cha nsungwi chotchedwa bansuri, ndiponso ng'oma ya madal yomwe imaombedwa mbali zonse ziwiri. Kukoma kumakoma ndithu, koma kodi kumeneku tingati n'kutsitsimutsa nyimbo?

Mphunzitsi wopuma, Ndirande:
Achimwene, ine ndikuona kuti chotayika chilipo. Eni ake a sarangi ndi a Gandharva, anthu amene ankayenda mudzi ndi mudzi kuimba za nkhondo, za imfa ndi za anyamata opita kukalowa usilikali kutali, kale wailesi isanafike, pakuti Radio Nepal inayamba mu 1951. Ngakhale ankanyozedwa kuti ndi mtundu wapansi, iwowa ndiwo ankanyamula nkhani, choncho mukachotsa mawu mwachotsanso ntchito imene nyimboyo inkagwira. Tangoganizani nyimbo ya pamtondo yopanda madandaulo a mayi osinjawo: chotsala n'kugunda kwa musi basi.

Mayi wa kwaya, Zingwangwa:
Bambo aphunzitsi, mwanena zoona, koma sindikuvomereza zonse. Mwana amene waona sarangi ikuomberedwa m'manja pabwalo lalikulu amalakalaka kuiphunzira, ndipo akaiphunzira adzawafunafuna yekha mawuwo kwa agogo ake. Komanso si onse amene anataya mawu. Gulu la Nepathya, lotsogozedwa ndi Amrit Gurung, linasunga mawu ndi kaimbidwe ka kumudzi n'kuwonjezapo magitala amagetsi, ndipo mu 2013 linakaimba ku Wembley Arena ku London. Nanga kuno kwathu, ndi liti pamene munaona mnyamata akukwecha kaligo?

Wojambula nyimbo, Limbe:
Kwa ine nkhawa yaikulu ili m'situdiyo. Sarangi ilibe timipiringidzo ta pakhosi timene gitala ili nato, motero woliza amatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina, ndipo kulira kwake kokhudza mtima kumachokera pomwepo. Madal nayo imamatidwa phala lakuda pakati pa chikopa, lomwe limaipatsa liwu lakelake. Wokonza akathamangira kiyibodi ndi ng'oma za mu kompyuta chifukwa n'zotsika mtengo, zonsezi amaziwongola mpaka nyimbo imangofanana ndi ina iliyonse, kaya mawu alimo kaya mulibe. A ku Chilomoni, ngati mukufuna kuyesa zimenezi ndi nyimbo zathu, yambani mwajambula mkulu wa bangwe kapena kaligo akuimba momwe amaimbira kwawo, kenako gitala yanu imutsate iyeyo. Dzina lake lilembedwe pa nyimboyo, ndipo za malipiro mugwirizane naye musanatsegule maikolofoni.