Chitseko chotulukira pangozi achikhoma ndi tcheni, tikanene kuti?

Wachaka choyamba:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ku hositelo kwathu chitseko chakumbuyo, chija chili ndi chikwangwani chobiriwira cha munthu akuthamanga, amachikhoma ndi tcheni usiku poopa akuba. Soketi ina m'chipinda chowerengera yada, ndipo imanunkha pulasitiki wopsa. Alonda tinawauza pakamwa, anati amva, koma palibe chasintha. Nkhani zotere zimapita kuti? Nanga moto utabuka usiku tiyambire pati?

Wamagetsi:
Yambani ndi soketiyo lero lomwe. Ikada ndi kununkha ndiye kuti waya wamasuka mkati ndipo ukuthetheka, kapena anthu akuisenzetsa katundu woposa mphamvu yake. Zulani zonse zolumikizidwa pamenepo, matani tepi pamwamba, lembani kapepala koti isagwiritsidwe ntchito. Musaitsegule nokha, ndi ntchito ya amisiri a pasukulupo.

Chimene ophunzira ambiri sawerengera ndi ichi: pamagetsi a 230 volts, ekisitenshoni ya 13 amps imanyamula ma watts pafupifupi 3,000, ngakhale ikhale ndi mabowo asanu ndi limodzi. Ketulo yokha imakoka 2,000 kapena kuposerapo, hotipuleti ya mbale imodzi 1,000 mpaka 1,500. Ziwirizi zikayatsidwa pamodzi zafika kale pamalire kapena kuwapyola. Matchaja a foni ndi laputopu si vuto, amakoka pang'ono; zoopsa ndi zinthu zotenthetsa. Kulumikiza ekisitenshoni pa ekisitenshoni inzake sikuwonjezera mphamvu, katundu yense amadutsabe pa waya woyamba uja.

Fyuzi ikapsa ena amalowetsamo kawaya kuti magetsi abwerere. Kumeneko ndi kuthamangitsa mlonda: fyuzi imapsa dala kuti waya wa m'khoma usapse. Breaker, switch yodzithimitsa yokha magetsi akachuluka, ikamagwa mobwerezabwereza, musamangoikweza, ikukuuzani kuti pali vuto.

Mlangizi wa ophunzira:
Mawu apakamwa amatha ndi shifiti ya mlonda amene munamuuzayo. Lembani. M'kalata kapena imelo muikemo dzina la nyumba, nambala ya chipinda kapena chitseko chake, tsiku ndi nthawi imene munaona, chimene munaona ndendende, ndi chiwerengero cha anthu ogona mbali imeneyo. Musalembe kuti "chitetezo chathu n'chosadalirika", lembani kuti "chitseko chakumbuyo chinali ndi tcheni ndi loko 11 koloko usiku Lachiwiri". Jambulani chithunzi. Kalatayo ipite kwa woyang'anira hositelo, kope ku ofesi yokonza nyumba ndi ku ofesi yoona za ophunzira, lina musunge. Ngati mwapereka papepala, wolandira asaine ndi kulemba deti pa kope lanu. Pakapita masiku awiri kapena atatu kuli zii, tumizaninso, nthawi ino kudzera ku bungwe la ophunzira, ndipo asaine anthu angapo.

Za akuba musazinyoze, mantha a alondawo ndi enieni. Choncho pemphani chimene chithetse mavuto onse awiri: loko wa chitsulo chopingasa, amene amatseguka mukangokankha muli mkati koma kunja satseguka. Ena amakhala ndi alamu yolira chitseko chikatseguka. Kupachika kiyi ku ofesi ya alonda si yankho, chifukwa mu utsi ndi mumdima palibe amene akathamangire kiyi.

Wozimitsa moto:
Pa funso lachiwiri. Mawa masana yendani njira zonse ziwiri zotulukira, muwerenge zitseko kuchokera pachipinda chanu kukafika pamasitepe. Usiku wa moto magetsi amatha kuthima, maso sathandiza, mumayenda chopapasa khoma. Dziwaninso malo osonkhanirana panja, ndipo nambala ya alonda ndi ya chipatala cha pasukulu zikhale kale m'foni.

Moto ukabuka, kuwani, lizani alamu, gogodani zitseko mukutuluka. Musanatsegule chitseko chikhudzeni ndi kuseri kwa dzanja. Ngati chatentha, moto uli kuseri, musatsegule. Tsekani mpata wapansi ndi thawulo lonyowa, pitani pazenera muitane anthu. Ngati njira ili ndi utsi, kwawani, mpweya wabwino umatsalira pansi. Anthu ambiri ofera pamoto amaphedwa ndi utsi malawi asanawafike. Tsekani chitseko chilichonse mukadutsa, lifiti musakwere, laputopu musaibwerere. Panja muwerengane, ndipo amene sakuoneka mumutchule dzina ndi chipinda kwa ozimitsa moto.

Chozimitsira moto ndi cha moto waung'ono, wosaposa bini ya zinyalala, ndipo msana wanu ukhale kukhomo. Solotsani pini, imani mamita awiri, lozetsani patsinde pa moto osati pamalawi, finyani chogwirira, yendetsani uku ndi uku ngati mukusesa. Chimatha mumasekondi 10 mpaka 20, choncho ngati sunazime tulukani. Chamadzi ndi cha mapepala, matabwa ndi nsalu. Pamagetsi kapena pamafuta ophikira madzi ndi ngozi ina. Pamagetsi gwiritsani cha mpweya wa CO2 kapena cha ufa, ndipo cha CO2 musagwire kukamwa kwake, kumazizira mpaka kuwotcha khungu. Mukamadutsa pakhonde yang'anani kageji, kawotchi ka pa chozimitsira, ngati kalipo: singano ikhale pobiriwira. Ikatsika, ikaninso m'kalata ija.

Namwino wa pasukulu:
Ndiwonjezere za wopsa. Thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, vulani mphete ndi wotchi dzanja lisanatupe, chovala chomatirira pakhungu musachikoke. Mafuta, mankhwala otsukira mano kapena ayezi, ayi ndithu. Wogwidwa ndi magetsi musamukhudze musanathimitse pa main switch; zikakanika mukankheni ndi thabwa louma. Ndipo amene wapuma utsi wambiri apite kuchipatala ngakhale akunena kuti ali bwino, chifukwa kummero kumatha kutupa patapita maola angapo.