Hayala ya kagalimoto ka gofu pozungulira chilumba: gulu la anthu 11 lingakwane bwanji?

Mphunzitsi wa ku Linthipe

Moni nonse. Ndife aphunzitsi 11 a ku Dedza kuno, ndipo takhala tikusonkha ndalama za ulendo wa ku Likoma pa tchuthi cha mu Ogasiti. Tikufuna tikakhale masiku atatu, tikaone tchalitchi chachikulu chija, magombe ndi midzi ya kumpoto kwa chilumbacho. Pagululi pali amayi awiri achikulire amene sangayende mtunda wautali, ndipo mmodzi mwa iwo amavutika bondo.

Wina mwa ife wabwera ndi maganizo akuti tikachite hayala timagalimoto tating'ono tija timayenda pabwalo la gofu, poti anaona pa YouTube kuti pa zilumba zing'onozing'ono za kunja alendo amayendera timeneto. Tiuzeni amene mukudziwa: kamodzi kamanyamula anthu angati? Kamayenda mtunda wautali bwanji batire isanathe? Woyendetsa amafunika laisensi? Nanga pa Likoma pamayendeka ndi kagalimoto kotere?

Makanika wa pa Lizulu

Zikomo aphunzitsi. Ndiyankhe za makinawo, za chilumbacho ayankha ena.

Zomwe mnzanuyo anaona n'zoona. Ku Isla Mujeres ku Mexico ndi ku San Pedro ku Belize alendo ambiri amayendera timagalimoto timeneti, koma muonenso misewu yake pa kanemayo: ndi malo a see, opanda zitunda zenizeni. Kagalimoto ka gofu anakapangira udzu wometa bwino ndi tinjira tosalala, ndipo zofooka zake zonse zimachokera pamenepo.

Tilipo ta anthu awiri, anayi ndi asanu ndi mmodzi. Anthu 11 ndiye kuti mufunika tiwiri ta anthu asanu ndi mmodzi, kapena titatu ta anthu anayi. Ine ndingasankhe titatu tating'ono. Kakatali kaja kakadzaza kamalemera kumbuyo, kamavuta pokhota, ndipo pa bampu kamakhudza pansi ndi mimba. Komanso kamodzi kakafa panjira, tiwiri totsalato tikhoza kutuma munthu kukaitana mwini wake. Mipando musangoiwerenga, onaninso kachikwangwani kolemba kulemera komwe kagalimotoko kamaloledwa kunyamula. Ka anthu anayi nthawi zambiri kamalembedwa makilogalamu pafupifupi 360. Akulu anayi a makilo 75 aliyense ndi 300 kale, kuikapo bokosi la zakumwa ndi zikwama mwafika pamalire.

Tamagetsi tambiri masiku ano ndi ta mavoti 48, ndipo pansi pa mpando mupeza mabatire asanu ndi limodzi a mavoti 8 kapena anayi a mavoti 12. Takale ndi ta mavoti 36, mabatire asanu ndi limodzi a mavoti 6. Liwiro lake ndi makilomita 20 mpaka 25 pa ola. Mabatire akakhala abwino, pamsewu wosalala, kamayenda makilomita 25 mpaka 40. Koma ta hayala mabatire ake amakhala otopa, ndiye pamchenga ndi pachitunda, ndi anthu odzaza, werengerani theka la mtundawo. Kutchaja mabatire a asidi kuti adzaze kumatenga maola 8 mpaka 10. Kulumikiza ku magetsi ola limodzi pamene mukudya nkhomaliro sikubweza mphamvu yoti n'kudalira.

Musanalipire, tukulani mpando muone izi. Pamitu ya mabatire pasakhale ufa woyera kapena wobiriwira, ndipo mawaya akuluakulu asagwedere mukawagwira. Waya wogwedera amatentha mpaka kusungunula mutu wa batire, ndipo kagalimoto kamangoima zii pakati panjira. Batire yotupa m'mbali yatha ntchito, ndipo imodzi yokhayo imakoka zinzake zonse chifukwa zimalumikizidwa mondondozana. Ngati pali mita, gulu la mavoti 48 lodzaza limawerenga pafupifupi 51 kagalimoto kataima. Likawerenga 48 ndiye kuti latsala theka, ngakhale mwini wake akuuzeni kuti latchajidwa usiku wonse. Kamuyeso ka pa dashibodi musakakhulupirire kwambiri. Kayeseni pachitunda muli anthu anayi: magetsi ake akatsika msanga mukaponda moto, mabatirewo sakufikitsani madzulo. Ta mabatire a lithium timapepuka ndipo timatchajika msanga, koma timakoka bwinobwino mpaka kumapeto kenako n'kuzima kamodzin'kamodzi, osachenjeza ndi kufooka monga amachitira a asidi.

Mabuleki ndiye nkhani imene ndikufuna muimvetse. Tambiri tili ndi mabuleki kumatayala a kumbuyo okha, a dilamu, okokedwa ndi waya. Potsetsereka ndi katundu wodzaza amatentha n'kuyamba kulephera, ndipo pamiyala yosabadwira matayala a kumbuyo amangokhukhuluzika. Tsikani pang'onopang'ono kuyambira pamwamba penipeni, osadikira kuti kathamange kaye. Buleki yoimikira ili kumtunda kwa chopondera cha buleki chomwecho: mumaponda mpaka imveke kuti kha. Imamasuka yokha mukangoponda moto, n'chifukwa chake mwana kapena chikwama chikagwera pa chopondera cha moto kiyi ili mkati, kagalimoto kamanyamuka kopanda woyendetsa. Mukatsika, zimitsani, chotsani kiyi.

Kosinthira kupita kutsogolo ndi kumbuyo musakakhudze matayala asanaime. Kakafa n'kufunika kukankha kapena kukoka, pansi pa mpando pa tambiri ta mavoti 48 pali kaswitchi kolembedwa Run ndi Tow. Kaikeni pa Tow kaye, kupanda kutero mota imalimbana nanu ndipo mukhoza kuotcha bokosi lolamulira magetsi, lomwe ndi lodula. Tapetulo tilibe vuto la kutchaja, injini yake imalira mukaponda moto n'kuzima mukaima, koma lamba wake amaterereka akanyowa kapena akatha, ndipo mumamva fungo la mphira pachitunda.

Za laisensi: malo ochititsa hayala kunja kuja amafuna laisensi ya galimoto, ndipo amalemba dzina la woyendetsa. Inunso sankhani amene amayendetsa kale. Chiwongolero cha tambiri chili kumanzere, zomwe zimasokoneza munthu wozolowera magalimoto athu.

Nyanja ndi Kwathu

Amakanika afotokoza bwino. Ine ndinene mosabisa, aphunzitsi: ulendo wanu musaumange pa kagalimoto ka gofu. Pa Likoma anthu amayenda pansi, pa njinga zamoto za kabaza, pa magalimoto ochepa amene alipo, ndiponso pa maboti.

Chilumbachi ndi chaching'ono ndithu, pafupifupi masikweya kilomita 18, ndipo kuchoka kumpoto kufika kumwera ndi makilomita 8 kapena kupitirira pang'ono. Koma si chathyathyathya. Pali zitunda, miyala yotuluka pamsewu, ndipo kufupi ndi magombe kuli mchenga wozama. Timatayala ta kagalimoto ka gofu ndi tating'ono, mimba yake ili pafupi ndi nthaka. Tinjira tambiri totsikira kunyanja ndi ta munthu mmodzi, todutsa pakati pa milambe ndi minda ya chinangwa. Malo okongola kwambiri ndi omwewo amene kagalimoto sikangafike. Onjezanipo kuti magetsi a pachilumbachi sachokera ku Nkula, amapangidwa konko ndi dzuwa ndi majenereta, ndiye kutchaja kwa usiku wonse muyenera kufunsa kaye kwa eni malo ogona.

Masiku atatuwo ndingawagawe chotere. Tsiku loyamba yendani pansi ku Mbamba ndi ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi cha St Peter's cha Anglican. Anayamba kuchimanga mu 1903 amishoni a UMCA, bungwe la amishoni a Anglican ochokera ku Britain, ndipo chinatha mu 1911. Pitani m'mawa dzuwa lisanakwere, muvale modzilemekeza, ndipo mupemphe munthu wa pampingopo akuonetseni mkati, mudzaona zambiri kuposa kungozungulira nokha. Amayi awiri aja akwere kabaza kapena galimoto kuchokera kumene mwagona, akakudikireni pamthunzi.

Tsiku lachiwiri chitani hayala boti la injini lozungulira chilumba. Kwa gulu la anthu 11 iyi ndiyo njira yokhalira pamodzi, ndipo wa bondo uja sayenda mtunda. Funsani kuti botilo limaloledwa kunyamula anthu angati, ndipo majekete oyandamitsa muwawerenge ndi manja anu pagombe, akwane aliyense, zomangira zake zikhale zogwira. Muone kuti muli nkhafi, chokapira madzi ndi mafuta apadera m'chigubu. Koma kumbukirani kuti Ogasiti ndi nyengo ya mwera. Mphepo imeneyi ikhoza kuomba masiku awiri atatu osaleka. Mwini boti akanena kuti lero sikuyendeka, musamukakamize poti mwalipira kale. N'chifukwa chake tsiku la boti likhale losinthika: nyanja ikadzuka yabata tsiku loyamba, pitani tsiku lomwelo, tchalitchi mudzachiona mawa lake.

Tsiku lachitatu ndi la kumpoto, cha ku Makulawe. Kumeneko tengani galimoto imodzi ya pikapu ngati yapezeka, achikulire akhale kutsogolo, kapena a kabaza, munthu mmodzi pa njinga iliyonse. Awiri pa njinga imodzi pamchenga ndi mmene anthu amapsera ndi ekizozi pamwendo. Amayi amange bwino chitenje kuti chisalowe mu tcheni kapena m'masipoko.

Kuchokera ku Dedza mutsika Khwekhwerere kufika pa Golomoti, ndipo pamenepo mukhoza kulowera ku Monkey Bay, kumene sitima ya Ilala imayambira ulendo, kapena kutsata msewu wa M5 kudzera ku Salima ndi Nkhotakota mpaka ku Nkhata Bay n'kukakwerera sitimayo kumeneko. Ilala yakhala panyanja kuyambira 1951, imachedwa ndipo nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, choncho funsani ndandanda yake sabata yomweyo ya ulendo, ndipo musiye tsiku limodzi lapadera sukulu zisanatsegulidwe. Likoma ndi Malawi, pasipoti siifunika, koma mukafuna kuolokera ku Cobue mwalowa m'Mozambique, zikalata zikhale m'manja.

Mphunzitsi wa ku Linthipe

Zikomo kwambiri nonse awiri, mwatitsegula maso. Za boti tazigwira. Funso lina: tikapeza galimoto ya hayala kumeneko, kaya ndi pikapu kaya kagalimoto kaja ngati malo ena ogona ali nako, tigwirizane bwanji ndi mwini wake kuti pasadzakhale kukangana pobweza? Ndalamazi ndi za gulu, msungichuma wathu adzafunika kufotokoza tambala iliyonse.

Mayi wa ku Tsangano

Aphunzitsi, mikangano ya hayala imabuka pa zinthu zinayi: nthawi, mafuta, zowonongeka ndi chikole. Zonsezi zilembedwe papepala limodzi musanakwere, mwini wake asaine, msungichuma wanu asaine, aliyense ajambule pepalalo pafoni.

Mawu akuti "tsiku lonse" musawavomere opanda maola. Kwa inu tsiku limatha dzuwa likalowa, kwa mwini galimoto mwina limatha 4 koloko. Lembani ola lonyamuka, ola lobweza, ndi ndalama ya ola lililonse lopitirira. Lembaninso malo amene mukufuna kufika, mayina ake, chifukwa pachilumba mafuta amabwera pa sitima ndipo ndi odula kuposa kumtunda kuno, ndiye dalaivala akamva malo atsopano panjira amakweza mtengo. Funsani poyera ngati mafuta ali mumtengomo.

Ngati galimotoyo ikubwera ndi dalaivala wake, tengani imeneyo ngakhale ikwerepo pang'ono. Chikawonongeka chili m'manja mwake, ndipo amadziwa pamene pali mchenga womiza. Ngati mukuyendetsa nokha, zungulirani galimotoyo ndi foni mukujambula kanema mwini wake ali pomwepo: matayala onse, magalasi, denga, mipando yong'ambika, pamene padakalika kale. Mufunse kuti tayala likaphulika alipira ndani, ikafa yokha panjira adzabwera kudzakutengani ndani, ndipo maola otayikawo akubwezerani bwanji. Nambala yake ya foni muiyimbe muli naye limodzi kuti muone kuti ikulira.

Chikole chikhale ndalama yolembedwa pa risiti. Chiphaso cha unzika kapena laisensi musasiye kwa munthu, angojambula basi. Musalipire zonse m'mawa: theka ponyamuka, theka pobweza. Tenganinso ndalama zapamanja zokwanira, za mapepala ang'onoang'ono, chifukwa ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba sakhala ndi ndalama zambiri nthawi zonse, makamaka tsiku lofika sitima.

Pagulu panu gwirizanani musananyamuke ku Dedza kuti chikawonongeka m'manja mwa woyendetsa wanu, mulipira nonse kuchokera m'thumba la gulu kapena alipira yekha. Patulani gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse kuti likhale la zadzidzidzi. Ndipo woyendetsa asamwe mowa tsikulo, ngakhale botolo limodzi.

Makanika wa pa Lizulu

Ndiwonjezere kamodzi pa zomwe anena mayiwa, ngati kagalimoto kaja mungakapeze. Amayi achikulirewo musawaike pa mpando wa kumbuyo woyang'ana kumene mwachokera. Pamenepo ndi pamene anthu amagwera, chifukwa saona bampu kapena kona ikubwera, ndipo tambiri tilibe malamba kapena zitseko. Akhale kutsogolo pambali pa woyendetsa, mapazi mkati, dzanja pa chogwirira. Pokhota kumanzere chepetsani liwiro kwambiri, chifukwa wokhala kumanja ndi amene amaponyedwa kunja ndipo alibe chiwongolero choti agwire. Kakatitimira mumchenga musapitirize kuponda moto, mota imatentha m'kamphindi kochepa. Onse atsike, fukulani kutsogolo kwa matayala a kumbuyo, yalani timitengo kapena makwalata, awiri akankhe wina akuponda moto pang'onopang'ono.